Thandizeni: owerenga akukana kuti Yohane akwatire Tikambenji

Moni nonse a m'gulu muno. Ndimalemba nkhani yopeka m'zigawo pa Facebook, yochitikira kuno ku Lusaka, ndipo pamene yafika owerenga agawikana. Ndikupempha nzeru, makamaka kwa inu amene mwaona mabanja ambiri.

Yohane ndi kondakitala wa minibasi ya ku Matero. Ndi Mngoni wa kufupi ndi Mtenguleni, pakamwa sipatsekeka, ndalama amazipinda pakati pa zala, ndipo akapeza zambiri anzake onse amadya tsiku limenelo. Tikambenji ndi Mchewa wa ku Katete, amagulitsa salaula (zovala zovalidwapo kale) pa Soweto Market, amaimba kwaya ku mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia), ndipo ndiye amasunga buku la chilimba cha amayi anzake, gulu losonkherana ndalama mosinthana. Ngwee iliyonse imalowa m'bukumo. Ndi munthu wa mawu ochepa kwambiri.

Owerenga ambiri akuti akwatiwe ndi mphunzitsi wina wa m'nkhaniyo, wofatsa ngati iye, chifukwa Yohane adzamudyera chilimba. Mtima wanga ukukana. Yohane ndi Tikambenji aliyense ndi woyamba kubadwa kwawo, aliyense atate ake adamwalira, ndipo aliyense akuphunzitsa azing'ono ake kumudzi. Yohane amakuwa tsiku lonse chifukwa ndalama yake imayambira pamene kashing'i (ndalama ya tsiku ya mwini basi) ndi mafuta zakwana. Tikambenji amawerenga ngwee chifukwa belo imodzi ikatuluka yoipa, fizi ya mlongo wake yapita. Mantha awo ndi amodzi, kungoti wina amawakuwa, wina amawalemba.

Pali chigawo china chimene ndimachikonda. Mvula ya Januwale itagwa, madzi atadzaza pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower, Yohane anaiwala kumubwezera Tikambenji chenji cha K2. M'mawa mwake anamufunafuna pakati pa milu ya salaula mpaka anamupeza. Tikambenji sanathokoze. Anangotsegula buku, nafafaniza mzere umene analembapo kuti "yatayika".

Kodi zimenezi n'zokwanira kumangirapo banja, kapena ndikuwakakamiza chifukwa ndimawakonda onse awiri?

Amake Dalitso: Mwanangu, ine ndine mlangizi kuno ku Chawama. Kufatsa kapena kulongolola si kumene kumapasula nyumba. Milandu imene timakhalira pansi ndi ya ndalama zopita kwa abale. Mkazi akatumiza ya feteleza ku Katete mobisa, mwamuna akadziwa, ndewu yayamba. Mphunzitsi wakoyo ngati anakulira m'nyumba yokwana, adzatopa ndi pempho la apongozi chaka chisanathe. Yohane sangafunse chifukwa chake, naye amatumiza. Apatse mpata.

Bambo Zulu: Ndayendetsa minibasi zaka zambiri. Alongo, musamunyoze mnyamatayo. Kondakitala amasunga m'mutu chenji cha anthu a m'basi yonse, amadziwa amene walipira ndi amene akunamizira tulo. Munthu ameneyo masamu amawadziwa. Chimene sadziwa ndi kugona ndi ndalama mpaka m'mawa.

Chikondi wa ku Kalingalinga: Ine sindikugwirizana nazo. Nthawi zonse m'nkhani zathu mkazi wodzisunga ndiye amapatsidwa ntchito yowongola mwamuna. Nanga iyeyo akupindula chiyani? K2 yobwezedwa ndi ulemu, inde, koma mawa akabwereka ndalama ya chilimba kuti akwaniritse kashing'i, amene adzachite manyazi pamaso pa amayi a chilimba aja ndi Tikambenji.

Mwini funso: Achemwali Chikondi, mwagunda pamene pamandisowetsa tulo. Sindikufuna Tikambenji akhale mayi wake wa Yohane. Chimene ndikuona ndi chakuti Tikambenji satha kudzilankhulira. Wogulitsa mabelo akamupatsa yoipa amangobwerera nayo misozi ili m'maso. Yohane ndiye angapite naye kukaima pakhomo mpaka asinthe. Komanso chimwalirireni atate ake palibe amene anamuseketsapo.

Chikondi wa ku Kalingalinga: Ndiye tionetseni zimenezo, musatiuze. Ndipo Yohane abwerekedi ndalama ya chilimbayo, Tikambenji akane, tione ngati adzabweranso mawa lake.

Agogo aNaphiri: Ana inu mukukamba za mitima, mwaiwala ankhoswe. Kwa Angoni kuli malobolo ndipo ana amatsata kuchimuna. Kwa ife Achewa mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo kale mwamuna ankakakhala kwawo kwa mkazi, chikamwini. Atsibweni a mtsikanayo akamva kuti mkamwini ndi kondakitala adzafunsa kuti adzadya chiyani mvula ikaononga misewu. Mutumize Yohane akwere basi pa Intercity, awoloke Luangwa, akafike ku Katete nthawi ya mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, pamene mudzi wonse uli ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko sangakuwe. Akhale pansi, awombe m'manja, nkhoswe yake imulankhulire. Mukatha kulemba mnyamata wolongololayo atakhala chete tsiku lathunthu chifukwa cha mtsikanayo, owerenga anu adzasiya kutchula mphunzitsi.

Mwini funso: Zikomo agogo, chigawo chimenecho ndichilemba. Koma Yohane atate ake adamwalira, ndipo abale ake onse ali kumudzi. Kodi dalaivala wake angamuimire ngati nkhoswe, kapena atsibweni adzaona ngati chipongwe?

Agogo aNaphiri: Dalaivala aperekeze chabe. Nkhoswe ichokere kubanja, apite kaye ku Mtenguleni akatenge abambo ake aang'ono.