Kodi pali mitundu ya mbatatesi yobereka bwino ndi feteleza wochepa?

Mlimi wa mbatatesi:
Ndikupempha amene mumadziwa za kapangidwe ka mbewu zatsopano kuti mundithandize. Alangizi amanena kuti gawo lalikulu la feteleza wa nayitrojeni amene timathira ku mbatatesi sililowa n'komwe m'mbewu, koma limatsikira pansi ndi madzi. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani akatswiri sanatulutse kale mtundu umene ungabereke chimodzimodzi ndi feteleza wochepa? Vuto lili m'nthaka kapena m'chibadwa cha mbewuyo?

Wofufuza za mbewu:
Bambo, vuto lili mbali zonse ziwiri, koma ndilankhulepo za mbewuyo. Mizu ya mbatatesi ndi yochepa ndiponso yosazama poyerekeza ndi ya tirigu, kotero kuti nayitrojeni akangotsika ndi madzi a mvula kapena othirira, makamaka m'dothi lamchenga, mbewuyo singamupezenso, ndipo amakathera m'madzi a pansi pa nthaka. Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene timayesa: mphamvu ya mbewu yoyamwa nayitrojeni m'nthaka, ndi mphamvu yake yosandutsa nayitrojeni woyamwayo kukhala mbatatesi osati masamba okhaokha. Mtundu wina umapambana pa choyamba n'kulephera pa chachiwiri.

Ntchitoyi imachedwa chifukwa mbatatesi yolimidwa kwambiri ili ndi makromozomu 48 (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha mbewu), okhala m'magulu a anayianayi ofanana, choncho mukakwatitsa mitundu iwiri yabwino, ana ake amatuluka osiyanasiyana kwambiri, ndipo pamafunika kudzala masauzande a mbande kuti mupeze zochepa zoyenera kusunga. Kutulutsa mtundu umodzi kumatenga zaka zoposa 10. Komabe chifukwa chachikulu, mmene ine ndimaonera, n'chakuti kwa nthawi yaitali mbewu zinkasankhidwa m'minda yothiridwa feteleza wokwanira, mmene mtundu wosamala nayitrojeni sunkaoneka kusiyana kwake ndi mtundu wowononga. Amene akufuna khalidweli ayenera kudzala mitundu yomweyo m'munda wa feteleza wambiri ndi wa feteleza wochepa, kwa nyengo zingapo ndiponso pa dothi losiyanasiyana.

Mlangizi wa zaulimi:
Ndikuvomereza, koma ndichenjeze pa mfundo imodzi. Mitundu imene imaoneka kuti ikugwiritsa bwino ntchito nayitrojeni kawirikawiri imakhala yochedwa kukhwima, chifukwa masamba ake amakhala obiriwira nthawi yaitali. Mlimi amene nyengo yake yolima ndi yaifupi, kapena amene amavutika ndi matenda a chiwawu, sangapindule nayo kwenikweni. Musaiwalenso kuti nayitrojeni wochuluka amachedwetsa kuyamba kubereka, amachititsa kuti mbatatesi ikhale yamadzimadzi, ndiponso khungu lake silikhwima msanga. Pamene tikudikira mitundu yatsopano, kugawa fetelezayo, wina podzala ndi wina pokwezera, kumachepetsa amene amatayika.

Mlimi wa mbatatesi:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mbatatesi zakutchire, zimene zimamera popanda wozithira feteleza, sizingathandize?

Wofufuza za mbewu:
Zingathandize, ndipo zikufufuzidwa. Bungwe la International Potato Center la ku Lima m'dziko la Peru, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, limasunga masauzande a mitundu ya makolo ndi yakutchire, ndipo mitundu yakutchire ngati Solanum chacoense yakhala ikuyesedwa pa nkhani ya kayamwidwe ka nayitrojeni. Chovuta n'chakuti yakutchire imabwera ndi zoipa zake: mbatatesi zing'onozing'ono zobereka kutali ndi tsinde, komanso kuwawa kochokera ku mankhwala achilengedwe amene akachuluka ndi poizoni. Kuchotsa zimenezi kumafuna kukwatitsa mobwerezabwereza. N'chifukwa chake makampani ena, monga Solynta ya ku Netherlands, akupanga mbatatesi ya haibulidi ya makromozomu 24 yodzala ndi njere, imene khalidwe limodzi lingalowetsedwemo mofulumira popanda kusokoneza ena. Ngakhale zitatheka, musayembekezere mtundu wosafuna feteleza, pakuti mbatatesi si nyemba ndipo sitenga nayitrojeni mumpweya. Chimene chingachepe ndi kuchuluka kwa amene mukuthira.