Agwirizana kale kwa ankhoswe, kodi mlandu wakupolisi ungatsekedwe?

Nangozo wa ku Kasinje:
Moni nonse. Mchemwali wanga anamenyedwa ndi mwamuna wake mwezi watha, anakadandaula kupolisi, mwamunayo anagona m'chitokosi masiku awiri n'kutuluka pa belo. Tsopano ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, mlamuyo anapepesa, ndipo akukhalanso limodzi. Tsiku lakukhoti ku Ntcheu layandikira. Achite bwanji kuti mlandu uthe? Ena akuti angokhala osapita.

Malume a Biriwiri:
Mayi, za kungokhala osapitazo azisiyiretu. Mlamu wanuyo ali pa belo, akajomba kukhoti majisitireti amatulutsa chikalata chomumangira ndipo belo imatha pomwepo. Nayenso mchemwali wanu akalandira samani yoti akaperekere umboni, ayenera kufika.

Nkhani ikalembedwa kupolisi, mlandu umakhala wa boma. N'chifukwa chake pa pepala amalemba kuti Boma ndi uje, osati dzina la mkazi. Wodandaula amapempha chabe, wololeza ndi khoti.

Mchemwali wanuyo apite yekha msanga, tsiku lisanakwane, akaonane ndi wapolisi woimira boma pa mlanduwo, kapena ayambire ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Alembe kalata yaifupi yokhala ndi dzina lake, nambala ya mlandu, tsiku lomwe ankhoswe anakumana, zomwe anagwirizana, ndi mawu oti palibe wamukakamiza. Asayine kapena adinde chala. Pa tsiku la mlandu afike onse awiri, ndi nkhoswe mmodzi wa mbali iliyonse ngati n'kotheka. Majisitireti amamufunsa mkaziyo pakamwa pake, kalata yokha siikwana. Kutseka mlandu sikulipiritsidwa, wina akatchula ndalama adziwe kuti si lamulo.

Mlangizi wa pa Lizulu:
Ndiwonjezere pa zomwe anena a malume. Funsani kaye kuti pa pepala la mlandu analembapo chiyani, chifukwa zonse zagona pamenepo. Gawo 161 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, limalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa awiri, monga kumenya kosavulaza kwa gawo 253 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Koma ngati lipoti lakuchipatala likusonyeza bala la mpeni kapena chikwanje, gawo 241, kapena kuvulaza kwambiri monga kuthyola fupa ndi kuwononga diso, gawo 238 lomwe chilango chake chimafika zaka 14, imeneyo ndi milandu ikuluikulu. Kupepesa kwa ankhoswe sikuithetsa. Chimene kugwirizanako kungathandize ndi kupempha khoti kuti lichepetse chilango.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: mkazi akaona kuti khoti lakana, amasintha mawu atalumbira, n'kumati ndinagwa ndekha. Lipoti la dokotala ndi sitetimenti yake yoyamba zimakhala zili mufayilo, ndipo kunama utalumbira ndi mlandu pawokha.

Nachisale wa ku Tsangano:
Achemwali, ine nkhawa yanga ili pa m'bale wanuyo. Mumufunse muli awiriwiri, apongozi kulibe: akufunadi yekha, kapena akuopa kuti mwamuna akamangidwa feteleza wa kumunda wa mbatata agula ndani? Kuno kwathu mkamwini amakhala pakhomo pa makolo a mkazi, komabe mawu oti "banja ndi kupirira" amatseka pakamwa amayi ambiri.

Ngati akufuna banja koma mantha akadalipo, lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limamulola kupempha khoti chikalata chomuteteza, choletsa mwamunayo kumumenya kapena kumuopseza, ngakhale akukhala nyumba imodzi. Akachiphwanya, apolisi amamumanga. Apemphe chikalatachi asanatseke mlandu. Asungenso kope la lipoti lakuchipatala kwa inu kapena kwa malume ake, osati m'nyumba momwemo, ndipo zomwe ankhoswe anagwirizana zilembedwe papepala, a mfumu asayinirepo.