N'chifukwa chiyani kwina mvula imachuluka, kwina osagwa n'komwe?

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti ku Mawsynram ku India imagwa mamilimita oposa 11,000 pachaka, pomwe ku Arica ku Chile siyifika ndi milimita imodzi yomwe. Zimatheka bwanji? Nanga kogwa chipale chofewa amayeza bwanji?

Mphunzitsi wa Jogalafe: Mayi, nkhani yagona pa mphepo ndi mapiri. Kuyambira Juni mpaka Seputembala, mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya Bay of Bengal imaomba mapiri a Khasi, komwe kuli Mawsynram, n'kukwera. Ikamakwera imazizira, pafupifupi madigiri 6 pa kilomita iliyonse, ndiye nthunzi imasanduka madontho. Chiperoni chimachitanso chimodzimodzi ku Mulanje ndi Thyolo. Ku Arica n'zosiyana. Madzi ozizira oyenda m'nyanja ya Pacific m'mbali mwa Chile, otchedwa Humboldt, amaziziritsa mpweya wapansi, sukweranso, kumangochita nkhungu basi. Mapiri a Andes nawonso amatchinga chinyontho cha kunkhalango ya Amazon.

Wazanyengo: Za chipale chofewacho, amachisungunula kaye n'kuyeza madzi ake. Kawirikawiri masentimita 10 amapereka mamilimita 10 a madzi, koma chouma kwambiri chimapereka ochepera pamenepo. Vuto ndi mphepo: imachiulutsa pakamwa pa choyezera, manambala n'kutsika. N'chifukwa chake choyezeracho amachizinga ndi zotchinga mphepo.

Phiri wa ku Chipata: Musaiwale, milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita. Choyezera chiikeni pamtetete, kutali ndi mtengo kuwirikiza kawiri kutalika kwake, ndipo muziwerenga nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse.