Kuima kawiri n'kupambanabe?

Wakabaza wa ku Nchalo: Akuluakulu, dzulo ndimaonera pa foni mpikisano wa magalimoto othamanga wa Formula 1 wa ku Hungary wa 2019. Verstappen ali patsogolo, Hamilton anakasinthanso matayala kachiwiri, koma n'kupambana iyeyo. Zimatheka bwanji?

Mlimi wa ku Bangula: Achimwene, matayala a Verstappen anali ataperepeseka, pomwe atsopano amagwira msewu. Hamilton anatsalira ndi masekondi pafupifupi 20, koma raundi iliyonse ankadulako, mpaka anamupitirira pa raundi 67 mwa 70.

Mayi wa ku Ngabu: Kusinthako sikuchedwa, masekondi awiri kapena atatu basi. Chodya nthawi n'kuyenda pang'onopang'ono m'kanjira ka kugalaja.

Wakabaza wa ku Nchalo: Atatu? Ine kumata chubu kokha theka la ola, dzuwa la kuchigwa kuno lili pamutu, kasitomala atakwera kale ina!