Sipika ya aneba ikukana kuchoka pa Bluetooth ya laputopu yanga, thandizeni

Mayi wa ku Chilomoni:
Muli bwanji nonse pagulu pano. A Admin ndiloleni ndifunse, nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Ndili ndi laputopu ya Windows 10 yomwe ndimalembera za ndalama za gulu lathu la banki m'khonde komanso kuchitira misonkhano pa Zoom. Bluetooth yake yam'kati inafa kalekale, ndiye ndimagwiritsa ntchito ka dongle kobaya pa USB. Pa chinkhoswe cha mng'ono wanga tinabwereka sipika ya aneba n'kuilumikiza ku laputopuyi. Sipika inabwerera kwa eni ake, koma nyumba zathu n'zogundana khoma, mukudziwa za lendi. Aneba akangoiyatsa, mawu a laputopu yanga amathawira kwawo. Tsiku lina tikukambirana za mamembala amene achedwa kubweza ngongole, mayina ndi ndalama zawo zinkamveka pakhonde la aneba. Anthu amenewa anandikhulupirira ndi chinsinsi chawo, ndiye zinandipweteka kwambiri.

Ndinalowa mu Settings, Devices, Bluetooth & other devices, n'kupeza sipikayo yalembedwa kawiri. Imodzi inachoka nditadina Remove device. Inayo imangolemba kuti Remove failed. Ndiye chodabwitsa n'chakuti yomwe inachoka ija imabwereranso pakapita masiku. Ndichite bwanji? Komanso kodi aneba angathe kuona mafayilo anga kudzera pamenepa?

Mnyamata wa ku Area 25:
Mayi ingoifomatani basi, zonse zitha.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Ayi achimwene, musawauze zimenezo. Muli mabuku a ndalama za anthu m'menemo, ndipo vutoli ndi laling'ono. Mayi, mafunso awiri kaye. Ka dongle mukugwiritsa ntchito panopa ndi komwe munali nako pa chinkhoswe paja? Chachiwiri, alipo wina amene amagwira laputopuyo inu mukachoka?

Mayi wa ku Chilomoni:
Bambo, kakale kanathyoka, ndinagula kena. Ana amaonerapo makatuni madzulo.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Basitu, mwayankha zonse ziwiri. Mukalumikiza chipangizo pa Bluetooth, Windows imasunga kiyi ya mgwirizanowo pa dzina la dongle yomwe inalipo nthawi imeneyo. Dzina lokana kuchokalo ndi la dongle yothyoka ija. Kompyuta ikufuna kuthetsa mgwirizano kudzera pa chinthu chomwe kulibenso, n'chifukwa chake ikulephera. Dzina limenelo silingakubereni mawu, langotsala m'kaundula. Kakale kaja kakanakhala kamoyo, mukanangokabaya n'kuchotsa sipikayo mosavuta.

Poti kanafa, chitani izi. Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, sankhani Device Manager. Pamwamba dinani View, kenako Show hidden devices. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa osachita zimenezi zipangizo zakufa sizioneka. Tsegulani pa Bluetooth, muona mayina ena otuwa ngati ofufutika. Pezani la sipikayo, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Uninstall device. Sipika imodzi imatha kukhala ndi mizere ingapo, wina wolembedwa Avrcp Transport, ndiye chotsani yonse yokhala ndi dzina lake. Yang'ananinso pansi pa Sound, video and game controllers ndi pa Audio inputs and outputs. Dongle yakale ija ionekanso yotuwa, ichotseni nayonso. Koma chonde yowala bwino musaikhudze, imeneyo ndi yomwe mukugwiritsa ntchito. Mukamaliza zimitsani laputopu n'kuiyatsanso.

Tsopano za yobwerera ija. Payokha singabwerere, pali amene akuivomera. Windows 10 ili ndi chinthu chotchedwa Swift Pair. Sipika zina zikayatsidwa n'kuyamba kufuna cholumikizana nacho, kauthenga kamatuluka pakona ya sikirini kokhala ndi batani la Connect. Mwana akuonera katuni amangodina kuti kachoke. Pa tsamba lomwe lija la Bluetooth & other devices, tsikani m'munsi muchotse chizindikiro pa Show notifications to connect using Swift Pair.

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Ndiwonjezereko pang'ono. Ine yanga inkakana ngakhale dongle sindinasinthe. Chinandithandiza ndi ichi: dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Device Association Service ndi Bluetooth Support Service, chilichonse muchipange Restart, kenako yesaninso Remove device. Amene muli pa Windows 11 njira ndi Settings, Bluetooth & devices, Devices, kenako timadontho titatu tili pambali pa dzina la chipangizocho.

Mlongo wanu ku Johannesburg:
Mayi pa funso la mafayilo khazikani mtima pansi. Sipika imangolandira mawu, singatsegule zomwe mwasunga. Chomwe muyenera kusamala ndi chakuti sipika zambiri zili ndi maikolofoni yoyankhulira pafoni, ndiye Zoom ikhoza kusankha imeneyo osati yanu. Musanayambe msonkhano lowani mu Audio pa Zoom muone kuti Speaker ndi Microphone zaloza ku laputopu kapena ku mahedifoni anu. Bluetooth wamba imafika mamita pafupifupi 10, khoma limodzi la njerwa silimailetsa. Pa misonkhano ya ndalama ine ndingakulangizeni mahedifoni a waya, ndipo ka dongle kazuleni kaye mpaka mutamaliza.

Mnyamata wa ku Area 25:
Kapena alowe mu registry, kaundula wam'kati wa Windows, pa BTHPORT, Parameters, Devices, afufute foda ya sipikayo. Ndinaonapo zikutheka.

Wokonza makompyuta ku Limbe:
Zimatheka, sindikukana, koma m'menemo mafoda alibe mayina oti sipika kapena foni, ndi manambala ndi zilembo 12 za adiresi ya chipangizo. Munthu wosazolowera akhoza kufufuta zolakwika. Zimenezo zikhale zomaliza, ndipo achite ali ndi munthu wodziwa pambali atasunga kaye mafayilo pa flashi. Mayi yambani ndi Device Manager. Ngati mumagwirizana ndi aneba anuwo, apempheninso aipange reset sipikayo kuti nayonso iiwale laputopu yanu. Mabatani ake amasiyana malinga ndi mtundu, aone m'kabuku kake.

Mayi wa ku Chilomoni:
Ndabwera ndi zotsatira abale. Mu Device Manager ndinapeza mizere itatu yotuwa ya sipikayo ndi dongle yakale, ndachotsa zonse. Nditayatsanso laputopu, dzina lija kulibe. Swift Pair ndatseka. Ndinapita kwa aneba kukawapempha kuti aiyatse sipikayo ine ndikuseweretsa nyimbo kuno, ndipo mawu anakhala mwanga muno, kwawo kunali zii. Mwana wanga wamkulu wavomera kuti kauthenga kaja ankakadina ndi iyeyo. Zikomo kwambiri bambo a ku Limbe, aphunzitsi ndi achemwali a ku Joni.

Ndifunsenso chimodzi ndisanachoke: pali njira yoti ana akhale ndi polowera pawo pa laputopu yomweyi, osafika ku mabuku a banki m'khonde?

Mphunzitsi wa ku Mchinji:
Ilipo mayi. Settings, Accounts, Family & other users, Add someone else to this PC. Akaunti yawo ikhale Standard User, yanu muikepo pasiwedi.