Za nyumba ya malemu bambo ku Ulongwe, mmene zayendera

Mwezi watha ndinafunsa mmene ndingawerengere ndalama zokonzera nyumba imene bambo anatisiyira ku Ulongwe, ku Angónia m'dziko la Mozambique. Yakhala zaka 8 yopanda munthu. Ambiri munati ndisagule kanthu mmisiri asanaone denga ndi maziko. Zikomo, munandipulumutsa.

Ine ndinkaganiza za penti ndi magalasi basi. Mmisiri atakwera pamwamba anabaya mtanda ndi msomali, msomaliwo n'kungolowa ngati m'nsima, fumbi lili mbuu. Chiswe chinadya matabwa onse a mbali ya kukhitchini. Malata ambiri akadali bwino, osintha ndi 6 okha. Mng'alu wa pakhoma umene unkandisowetsa tulo akuti ndi pulasitala chabe, maziko sanasunthe.

Tsono tinalemba chipinda ndi chipinda: simenti, mchenga, matabwa, misomali, mankhwala a chiswe. Malipiro a mmisiri ndinawaika padera, thiransipoti paderanso, poti ngolo ya mchenga siyaulere. Pamwamba pake ndinawonjezera gawo limodzi mwa magawo 5 la zodzidzimutsa.

Achimwene amati tikagule ku Dedza, koma tikaphatikiza kusintha meticais kukhala makwacha ndi za pachipata, phindu silikuoneka. Tiyamba ndi denga, mvula ya Novembala isanagwe. Penti adikire.