Chipinda chimodzi koma katundu wadzadza, ndipange bwanji?

Wa ku 25:
Abale ndithandizeniko nzeru. Ndangolowa kumene ka bedsitter ku Area 25, bafa ndi toilet zili mkati koma pogona, pophikira ndi pochezera ndi malo amodzi, ndinayeza ndi tepi ndi mamita 4 ku 3 basi. Ndili ndi bedi la double, sofa ya anthu atatu yomwe anandipatsa aunt anga, kafiriji, hotplate, ndowa zitatu za madzi ndiye zovala zikadali mu zikwama chifukwa wodilopu ndilibe. A landilodi akaniratu zokhoma misomali pakhoma. Chikundiwawa kwambiri nchoti mlendo akangotsegula chitseko maso amafikira pa bedi ndi neti, ine ndikufuna pakhomo pooneka bwino poti munthu nkumuitana osachita manyazi.

Mlongo wa ku Biwi:
Asisi ndinena mosabisa, sofayo ndi imene yakudyerani nyumba. Ine ndakhala mu chipinda chimodzi zaka zitatu ndipo ndinapuma tsiku lomwe ndinachotsa yanga nkugula timipando tiwiri toluka tija amagulitsa m'mbali mwa msewu, nzopepuka mumangosuntha mukafuna kukolopa. Bedinso taganizirani, double ndi masentimita 137 m'lifupi pamene three quarter ndi 107, ma 30 amenewo mu chipinda cha mamita atatu ndi njira yodutsa yonse. Ngati simukufuna kusintha pitani kwa akalipentala ku Mchesi akutalikitsireni miyendo kuti pansi pazilowa zikwama, nsapato ndi mabulangete a nthawi yozizira, koma ikani m'mabokosi a pulasitiki otseka osati makatoni, makatoni amaitana mphemvu. Muwauzenso akupangireni shelefu yoima yokha yaitali kufika pafupi ndi siling'i, yopanda thabwa kumbuyo, muyiimike pakati pa bedi ndi pochezera ndiye yakhala khoma yakhalanso kabati, msomali pakhoma palibe.

Bambo a Junior:
Za sofa sindikugwirizana nazo, chinthu chopatsidwa ndi aunt simungangogulitsa mawa adzabwera adzafunsa. Ikhale kumiyendo kwa bedi itafulatira bedilo, yagawa kale chipinda pamenepo. Neti masana muzipinda m'mwamba.

Nachisale:
Ine ndinena za kukongoletsa poti enawa atha za katundu. Musachulutse mitundu achemwali, chipinda chaching'ono chikakhala ndi katani yofiira, bedikava ya maluwa, kapeti ya buluu chimaoneka ngati pa kaunjika. Sankhani chitenje chimodzi chomwe mumachikonda, telala akusokereni mapilo a pa sofa ndi kansalu ka patebulo, zina zonse zikhale zoyera kapena zotuwa. Katani ya pawindo ikhale yopyapyala kuwala kuzilowa, ndiye galasi lalitali lija mungolitsamiritsa kukhoma moyang'anana ndi windo muona ngati chipinda chakula. Pansi mkeka ndi wokwanira ndipo suvuta kukuntha.

Mayi wa awiri:
Chonde chonde magetsi akazima musalowetse mbaula ya makala m'kati mutatseka chitseko ndi windo, mpweya wake sununkha koma umapha munthu ali mtulo, muziphikira pakhonde. Komanso bedi ndi shelefu musazigunditse kukhoma, siyani kampata kolowa dzanja chifukwa mvula ikayamba mu December makoma ambiri amagwira chinyontho zovala nkuchita nkhungu. M'malo mwa ndowa zitatuzo gulani chidebe chimodzi chachikulu cha chivindikiro chikhale ku bafa.

Wa ku 25:
Zikomo nonse mwandithandiza zedi. Sofa ndaimbira aunt akuti ndikaisiye kwawo palibe vuto, Loweruka ndipita ku Mchesi ndi miyeso ya shelefu. Asisi a ku Biwi, yanuyo munapanga yakuya bwanji kuti mapoto azikwana koma isadye njira?